Ntchito yathu ndi zingwe za AS/400: mmene timasamutsira konsolo

Bizinesi yathu ndi yaing'ono, ndipo inamera pa makina amene ambiri anawaiwala: makompyuta a IBM AS/400, omwe anayamba kugulitsidwa mu 1988. Makampani ena akusungabe m'menemo mabuku a ngongole, malipiro a antchito ndi kaundula wa katundu, poti makinawa safa wamba. Amene akusowa ndi anthu odziwa zingwe zake, ndipo mpata umenewu ndiwo tinalowerapo. Mapulogalamu sitigulitsa. Timayala, kukonza ndi kusamutsa zingwe za twinax (zingwe za mawaya awiri mkati, zolumikiza zipangizo ku AS/400) ndi matemino ake, omwe ndi masikirini okhala ndi kiyibodi. Funso lomwe timalandira kawirikawiri ndi ili: tikufuna kusuntha desiki ya konsolo, kodi tizimitse makina onse?

Nthawi zambiri ayi. Koma konsolo, temino yaikulu yoyendetsera makina onse, si temino wamba, choncho muyenera kudziwa chomwe mukugwira.

Kumbuyo kwa AS/400 kumachoka chingwe chopita ku kabokosi ka mapoti 8, olembedwa 0 mpaka 7. Poti iliyonse imanyamula zipangizo zosapitirira 7, zolumikizana ngati mikanda, chilichonse ndi adiresi yake kuyambira 0 mpaka 6. Malo a konsolo ndi poti 0, adiresi 0, pa controller (khadi loyendetsa matemino) yoyamba, ndipo dzina lake nthawi zambiri ndi DSP01. Makina sayang'ana mtundu wa temino, kaya ndi 3477 kapena 3487. Amayang'ana malo amenewa.

Choyamba timasankha nthawi. Musakhudze konsolo pamene GO SAVE option 21, bakapu ya makina onse, ikuyenda. Pa nthawiyo makina amakhala mu restricted state, masabusisitimu ena onse atayimitsidwa, ndipo ntchito yosunga deta ikuyendera pa konsolo pomwepo. Mukazimitsa temino, bakapu yausiku wonse ikhoza kudukira panjira, ndipo mulibe sikirini ina yolowerapo. Chimodzimodzinso pa IPL (kuyatsanso makina) kapena poika ma PTF (zokonza mapulogalamu zochokera ku IBM). Ifenso sitigwira twinax kunja kukuchita ziphaliwali, makamaka ngati chingwe chikudutsa panja kupita ku nyumba ina.

Nthawi ikakhala yabwino, lowani pa temino ina kapena pa PC, muone ndi lamulo la WRKACTJOB ngati pali ntchito yomwe ikudalira DSP01. Kumbukirani kuti mauthenga a QSYSOPR, opita kwa woyendetsa makina, m'makampani ambiri amatulukira pa konsolo. Wina akhale akuwayang'ana ndi DSPMSG QSYSOPR, kuti uthenga wofuna yankho usagone. Kenako SIGNOFF pa konsolo, muzimitse temino, muzule pulagi yamagetsi. Mukalemba WRKCFGSTS *DEV DSP01 pa temino ina ija, mudzaona VARY ON PENDING. Musade nkhawa, makina akungodikira kuti temino ibwere.

Tsopano pa T-connector, pomwe ambiri amaphonya. Kumbuyo kwa temino kuli kachingwe kakafupi: mbali ina pulagi ya mapini 15 yolowa m'temino, mbali ina pakamwa pawiri pa twinax, polowera ndi potulukira. Ngati pakamwa ponse pali zingwe, ndiye kuti kutsogoloko kuli zipangizo zina, mwina pulinta ya ma invoice kapena temino ya kauntala. Mukamasula chingwe cha twinax pa T, mwadula onsewo nthawi imodzi. Masulani T kuchoka ku temino, zingwe ziwirizo zikhale momwe ziliri, mzere upitirize kuyenda. Ngati T nayo iyenera kusamuka, auzeni kaye onse a poti 0 atuluke, pulinta iyimitsidwe. N'chifukwa chake timalimbikitsa kuti poti 0 ikhale ya konsolo yokha, ena apite ku mapoti otsalawo.

Mzere wa twinax umafuna kutsekedwa kumapeto. T ya matemino a InfoWindow, monga 3477 ndi 3487, imadzitsekera yokha pakamwa pachiwiri pakakhala popanda chingwe. Vuto limabwera munthu akasiya chingwe chakale chili chomangidwa pa T koma mbali inayo ikulendewera pansi pa desiki. Mzere umakhala wotsegula, zizindikiro zimabwerera m'mbuyo, ndipo matemino amayamba kugwa ndi kudzuka popanda chifukwa chooneka. Chingwe chosapita kulikonse chichotseni.

Pulagi ya twinax ili ndi mapini awiri ndi kamzere kolondolera, imalowa mbali imodzi basi. Ikakana, musaikakamize, pini ikapindika ntchito yakula. Lowetsani mowongoka, mumange mphete ndi dzanja mpaka ithine. Powonjezera utali, chingwe chikhale twinax yeniyeni ya 110 ohms, osati cha dishi ya TV. Mzere wonse usapitirire mamita 1,525, ngakhale kwa konsolo ife timafuna ikhale m'chipinda chomwecho, pomwe woyendetsa angaone kasikirini ka kutsogolo kwa makina ali chikhalire. Chingwe chisagonane ndi mawaya amagetsi kapena kudutsa pamwamba pa machubu a fluorescent. Amene akudutsira pa waya wa netiweki wa Cat5 aonetsetse kuti ma balun (tizipangizo tolumikiza twinax ku wayayo) a mbali zonse ndi amtundu umodzi, chifukwa ena amagwiritsa mapini osiyana. Pulagi yamagetsi ilowe pa UPS (batire yosunga magetsi) yomwe ikudyetsa AS/400. Magetsi akathima, konsolo ndiyo mudzaifune kuti muzimitse makina bwinobwino.

Mukayatsa, musakhutire pongoona sikirini yolowera. QAUTOCFG, setingi yolandira yokha zipangizo zatsopano, ikakhala pa 1, makina amalandira temino yolowetsedwa pa poti yolakwika, n'kuipatsa dzina latsopano, zonse n'kuoneka ngati zili bwino. Zimadzaululika patapita miyezi, tsiku lochita IPL ya manual, makina ataima ndi nambala yoyamba ndi A6005 chifukwa sakupeza konsolo. Adiresi nayonso: ngati mwasintha temino, lowani m'setup yake muike 0, ndipo pasakhale china cha adiresi 0 pa poti imeneyo, apo ayi ziwirizo zidzalimbirana mzere. Choncho tisananyamule zida timayang'ana pakona yakumanja pamwamba pa sikirini: pa Display palembedwe DSP01, pa Subsystem pakhale QCTL kapena QBASE. Kenako timamata kapepala mbali zonse za chingwe: poti 0, adiresi 0, konsolo.