Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Boti la Abwana ndi Mchere wa ku Durban

Gawo lapitali ndinakusiyani nditangopeza ntchito ya m'gadeni kumpoto kwa mzinda wa Durban, amalume atandisiya pageti la nyumba ija n'kuthamangira basi. Chinali chaka cha 2010, mavuvuzela akusokosa mzinda wonse chifukwa cha mpira wa dziko lonse. Ntchito yanga inali kutchetcha kapinga, kusesa masamba, kuyeretsa dziwe losambiramo ndi kutsuka magalimoto. Za boti palibe anandiuza. Linali kuseri kwa galaja, litafunditsidwa lona, litakhala pa thirela ya matayala anayi, ndipo masabata oyamba ndinkangolizungulira ndi makina otchetchera.

Koma mwana wa msodzi sangapitirire boti osasuzumira kunsi kwake. Inu amene mwatsatira mbiriyi kuyambira pachiyambi mukudziwa kuti ndinakulira ku Nkhotakota, kumene bambo anga ankapha usipa ndi utaka ndi khoka la chilimira. Kwathu mwana amadziwa kukapa madzi m'bwato asanadziwe kulemba dzina lake, ndipo bambo akaona mng'alu m'thabwa ankasiya nsima pamkeka n'kukatenga thonje ndi phula. Choncho tsiku lina ndinazimitsa makina, ndinagwada, n'kukweza lona uja. Zimene ndinaona zinandiwawa mumtima. Masipuling'i a thirela anali atafiira ndi dzimbiri, akuyoyoka ukawakanda ndi chikhadabo. Pa injini ziwiri za Yamaha zolendewera kumbuyo, mchere unali utauma mbuu m'makona onse. Tayala limodzi linali litaphwa kalekale, mphira wake utayamba kung'aluka m'mbali.

Madzulo ake ndinalimba mtima. "Bwana, boti lanu likudwala." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti za maboti ndinazidziwira kuti. Nditawauza za bambo anga ndi nyanja ya kwathu, anangoti Loweruka ndisakhudze kapinga, ndidzawapeze kuseri kwa galaja.

Loweruka limenelo ndinazindikira kuti madzi a kwathu ndi achifundo. Nyanja ya Malawi timamwa, timaphikira, timachapira; injini ikhoza kugona pagombe mwezi wathunthu n'kudzuka bwinobwino. Madzi amchere sachita choncho. Injini ya boti imadziziziritsa ndi madzi omwe ikuyendamowo: imawakoka kunsi, pafupi ndi pulopela, kapampu ka mphira kokhala ndi timapiko kamawakankhira m'mwamba, amazungulira m'kati monse n'kutulukira kumbuyo. Ukazimitsa injini osaitsuka, madzi otsalira amauma, mchere umamatirira m'tinjira timeneto n'kuyamba kudya chitsulo mwakachetechete. Abwana anandionetsa timakapu tiwiri ta mphira tomwe umaphimba nato mabowo olowera madzi, n'kulumikiza payipi ya pampopi. Madzi ayambe kuyenda, ndipo pokhapo uliza injini. Anabwereza mawu amenewa kangapo, chifukwa timapiko ta mphira tija timapsa m'kanthawi kochepa kwambiri injini ikalira popanda madzi. Ikalira, maso ako akhale pa kamzere ka madzi kotuluka kumbuyo. Kakamatuluka mwamphamvu, pampu ili moyo. Kakamadontha mwaulesi, usapite nayo panyanja injini imeneyo.

Zonsezi abwana ankazidziwa bwino. Chimene analibe ndi nthawi, komanso mtima wochita ntchito yotopetsa akabwerako atatopa kale.

Ulendo wanga woyamba panyanja yamchere unabwera m'chilimwe, nthawi imene nsomba yotchedwa couta imafika m'magombe a KwaZulu-Natal. Tinanyamuka kunyumba kukadali mdima, ine, abwana ndi anzawo awiri. Kumeneko maboti ambiri a anthu owedza mosangalala sagona pamadzi. Umalikoka ndi galimoto mpaka pamchenga, thirakitala n'kulikankhira m'mafunde. Aliyense anavala jekete yopulumutsira moyo, abwana anagwira chiwongolero, injini zonse ziwiri zikulira chapansipansi. Tinaima pamenepo kudikira. Mafunde a nyanja imeneyo amabwera m'magulu, akuluakulu angapo motsatizana kenako kampata, ndipo luso lonse la woyendetsa lili pa kuwerenga kampatako. Ine ndinauona mwera ukugwetsa mabwato mwezi wa Juni ku Nkhotakota, koma funde lotalika kuposa munthu, lobwera molunjika pamphuno ya boti, ndinali ndisanalionepo. Abwana atakankha magiya, boti linaima chilili, linamenya madzi ndi mimba, ndipo tinapezeka kuseri kwa mafunde, dzuwa likungotuluka kumene.

Kuwedza kwake n'kosiyana ndi kwathu. Poyamba timagwira tinsomba ta nyambo ndi timbedza tating'ono tomangidwa pachingwe chimodzi, n'kutisunga tamoyo m'bokosi lamadzi. Kenako kansomba kamodzi ukakole pambedza yomangidwa ndi waya, chifukwa mano a couta amadula chingwe wamba kamodzi n'kamodzi. Boti limayenda pang'onopang'ono likukoka nyamboyo kumbuyo. Mukhoza kukhala maola awiri popanda kanthu, anthu akumwa khofi ndi kukamba za ntchito. Ndiye mwadzidzidzi chokulungira chingwe chimalira mokuwa, ndodo n'kupindika mpaka nsonga kuloza m'madzi. Tsiku limenelo abwana anandipatsa ndodo yachiwiri italira. Mikono inanjenjemera, chingwe chikuthawa osaimika, mpaka nsomba inatopa n'kuonekera pansi pa boti ikunyezimira, yaitali kufika m'chiuno mwanga. Sindidzaiwala kulemera kwake pamene tinaikweza.

Chimene chinandisokoneza mutu chinachitika masana. Mmodzi wa anzawo a abwana anakola nsomba yaikulu yofiirira ya pansi pa miyala. Anaichotsa mbedza mosamala, anaijambula, n'kuibwezera m'madzi. Ndinatsala pang'ono kudumphira momwemo. Ndiwo ya banja lonse ya masiku angapo, munthu n'kuitaya dala! Abwana anaona nkhope yanga ndipo anandifotokozera. Aliyense wowedza mosangalala ku South Africa amayenera kukhala ndi chiphaso, chimene masiku amenewo tinkagula ku positi ofesi. Chiphasocho chimakulola nsomba zowerengeka patsiku, ndipo kugulitsa ngakhale imodzi n'kulakwira lamulo. Mitundu ina ili ndi nyengo yotsekedwa, monga shad, yomwe saloledwa kuigwira kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Novembala. Ina ndi yoletsedwa kotheratu, monga seventy-four, yomwe inatsala pang'ono kutha mpaka boma linaitseka mu 1998.

Nditaimbira foni bambo Lamlungu n'kuwauza, anakhala chete, kenako anati, "Mwana wanga, anthu amenewo ndi okhuta." Sananame. Munthu amene mwana wake wagona ndi njala sangabwezere nsomba m'madzi, ndipo ine sindidzamuweruza msodzi wa kwathu pa chimenecho. Komabe bambo omwewo ndi amene ankadandaula chaka ndi chaka kuti chambo chikuchepa ndi kuchepa msinkhu, ndi kuti miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene makoka amayenera kupachikidwa kuti chambo chiswane, ena amakoka usiku. Mpaka lero mtima wanga uli pawiri pa nkhani imeneyi, koma nsomba yoletsedwa ndimaibwezera ndi manja anga, ndipo sindidandaula.

Pobwerera, boti limathamanga kumbuyo kwa funde n'kukwera pamchenga ndi liwiro, injini zitakwezedwa. Thirela imabwera mpaka m'mphepete mwa madzi, winchi n'kulikokera pamwamba. Apa ndi pamene thirela imamwa mchere ndi mchenga. Tikafika kunyumba abwana ndi anzawo ankatenga nsomba n'kupita kukasonkha moto wowotchera, ine n'kutsala ndi payipi. Musaganize kuti ndinkadandaula. Maola amenewo ndi amene anandipatsa luso limene likudyetsa ana anga lero.

Ndinkayamba ndi injini, kenako kuchotsa zotsekera za kumbuyo kuti madzi onse a m'mimba mwa boti atuluke, zotsekerazo n'kuzimangirira pachiwongolero kuti pasapezeke munthu wolowetsa boti m'madzi mabowo ali pululu. Nthawi ndi nthawi ndinkamasula pulopela, chifukwa chingwe chowedzera chimakonda kudzikulunga kuseri kwake, n'kudula mphira wotchinga oyilo wa magiya. Oyilo ameneyo ukamutsitsa n'kupeza wayera ngati mkaka, dziwa kuti madzi alowa. Pa injini palinso tizitsulo totuwa tomwe tinaikidwa dala kuti mchere udye ito m'malo mwa injini. Anthu osadziwa amatipaka penti kuti tioneke bwino, osazindikira kuti atipha ntchito. Chaka chilichonse boti linkayenera kuyesedwa kuti lipatsidwe satifiketi yoti ndi loyenera kuyenda panyanja, motsatira malamulo a SAMSA, bungwe loona za chitetezo cha panyanja ku South Africa, ndipo woyesa ankawerenga chilichonse: majekete, chozimitsira moto, nangula, zowombera m'mwamba popempha thandizo ndi masiku ake othera ntchito. Ndinakonza bokosi limodzi loti zonsezi zizikhalamo, zouma.

Koma mtima wanga unapita kwambiri pa thirela, mwina chifukwa palibe amene ankaiyang'ana. Anthu amapukuta boti mpaka kuwala, amagula ndodo zodula, koma chinthu chimene chanyamula katundu yense pamsewu amachikumbukira tsiku limene chawakhumudwitsa. Makaniko wina wachikulire anandiphunzitsa chinsinsi cha mabeyaring'i, tizitsulo ta pakati pa wilo tothandiza kuti lizizungulira mosavuta. Ukayenda mtunda wautali, pakati pa wilo pamatentha. Ukangofika n'kulowetsa thirela m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umanyala, ndipo madzi amayamwidwa kudutsa pa mphira wotchinga. Madziwo amasakanikirana ndi girisi, dzimbiri limagwira, ndipo ulendo wotsatira wilo limayamba kulira. Mankhwala ake ndi osavuta: ukafika pagombe, dikira mawilo azizire. Konza ndodo, mwa tiyi, kenako lowetsa thirela.

Tsiku limene ndinatsegula wilo loyamba ndekha ndimalikumbuka bwino. Ndinakweza ndi jeke, ndinagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, ndipo linayankha kuti gwede gwede. Ndinachotsa kachivindikiro ndi nyundo, ndinawongola kapini, ndinamasula nati. Girisi amene anatuluka anali wamadzimadzi, wotuwa ngati phala la mgaiwa logona. Timagudumu ta beyaring'i tinali ndi timaenje takuda. Ndinatsuka zonse ndi palafini, ndinaika zatsopano, girisi wa m'madzi ndikumukanikiza ndi chikhatho mpaka atulukire mbali inayo. Nati sumanga mpaka kuuma. Umamanga, n'kubweza pang'ono kuti wilo lizizungulira momasuka koma osagwedera. Kenako ndinapala masipuling'i ndi bulashi ya waya n'kuwapaka mafuta, ndinasintha lamba wa winchi amene anali atayamba kuthothoka, ndinatsata mawaya a magetsi mpaka kupeza pamene mchere unawadya. Mwezi usanathe thirela ija inkayenda osamveka.

Mwezi wa Disembala banja lonse linkapita ku Sodwana Bay, m'dera lotetezedwa la iSimangaliso, ulendo wa makilomita opitirira 300 kuchokera ku Durban, kudzera msewu wa N2 mpaka ku Hluhluwe kenako kulowera ku Mbazwana. Chaka chimenecho ananditenga. Paliponse pamene tinaima kuthira mafuta, ine ndinkatsika n'kuzungulira thirela, kuika dzanja pakati pa wilo lililonse. Lofunda, zili bwino. Lotentha moti sungaligwire, pali vuto. M'bokosi langa munali mabeyaring'i apadera, girisi, mapini, nyundo ndi masipanala.

Titadutsa Mtubatuba tinapeza galimoto itaima m'mbali mwa msewu, kumbuyo kwake kuli boti lalikulu litapendekeka. Wilo limodzi linali likufuka utsi. Mwini wake anali atagwira m'chiuno, mkazi ndi ana atakhala pansi pa mtengo, dzuwa likuswa mtengo. Abwana anaima, anayang'ana, kenako anandikodola. Beyaring'i inali itaphwanyika n'kumatirira pa ekiselo, chitsulo chimene wilo limazungulirapo, chifukwa cha kutentha. Mwamwayi saizi yake inali yofanana ndi yathu. Tinadikira chitsulo chizizire, ndinagogoda chotsalira chija pang'onopang'ono ndi tchizulo mpaka chinasweka, ndinasalaza ekiselo ndi sandipepa, n'kuika yatsopano. Ndinamuuza mwini wakeyo kuti ayende pang'onopang'ono ndipo akafika akasinthe ekiselo yonse, chifukwa inali itavulala.

Anandipatsa ndalama, ndipo ndinayang'ana kwa abwana ndisanalandire. Iwo anagwedeza mutu kuti landira. Bambo uja asananyamuke anafunsa ngati Loweruka lina ndingapite kunyumba kwake kukaona mawilo atatu otsalawo, pamodzi ndi thirela ya mchimwene wake. Abwana anayankha ndisanatsegule pakamwa, kuti Loweruka masana ndimakhala womasuka, ndipo zida za m'galaja ndikhoza kubwereka.

Titabwerako ku Sodwana ndinakawauza amalume. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mphwanga, ndalama imeneyo usatumize yonse kumudzi. Gula jeke yako." M'gawo lotsatira ndidzakuuzani za jeke imeneyo, za kasitomala wanga woyamba amene anakana kundilipira, ndi momwe nkhani ya mapepala okhalira m'dziko inatsala pang'ono kundibweza ku Nkhotakota ndisanayambe n'komwe.