Chitseko cha Mustang chitakana kutseguka

Galimoto yake ndi Ford Mustang ya 1967, ija ya denga lansalu lopinda, yofiira ngati phwetekere wakupsa. Yatha miyezi ingapo mu galaja yomwe ndimagwira ntchito kuno ku Johannesburg, ndipo Lachisanu lapitali ndilo tsiku limene tinalonjeza mwini wake kuti adzaimva ikulira. Injini yake yakale, 289 V8 ya horsepower 200, tinaitsitsa kalekale. Mmalo mwake munalowa injini yotchedwa Coyote ya malita 5.0 yochotsedwa mu Mustang ya 2015, ya horsepower 435. Eni ake ntchito yotere amaitcha restomod. Ine ndimangoti kunja agogo, mkati mnyamata.

Lolemba mmawa ndinatsamiza jeki kutsogolo, mbali ya dalaivala, kuti ndione mapaipi a mabuleki. Nditakweza ndinakumbukira kuti sipanala ndaisiya pampando. Kugwira chitseko, chakana. Ndinatsitsa jeki, chinatseguka ngati palibe chachitika. Kukwezanso, kukananso. Kunali kozizira koma thukuta linatuluka.

Mustang ilibe chassis yapayokha ngati ya Hilux yomwe mungachotse bodi n'kutsala mafupa okhaokha. Bodi yomweyo ndiyo mafupa ake, ndipo denga lachitsulo limathandiza kuimanga pamodzi. Ya denga lansalu ilibe chimenecho, n'chifukwa chake a Ford anawonjezera zitsulo mmunsi mwa zitseko ndi m'makona apansi. Chitseko chikamagwira galimoto ili pajeki, ndiye kuti thupi lonse likupindika, zitsulo zija zatha. Ndinalowa pansi ndi tochi ndi sikuludiraiva. Penti wakuda, wosalala bwino. Nditabaya, sikuludiraiva inalowa ngati mu chinangwa chophika. Wina zaka zapitazo anamata phala pamwamba pa dzimbiri n'kupenta, basi n'kulandira ndalama zake.

Gwero lake amakaniko a Mustang zakalezi amalidziwa onse. Kutsogolo kwa galasi lalikulu kuli timipata tolowetsa mpweya. Mvula imalowanso momwemo, masamba n'kutseka potulukira madzi, chitsulo n'kuola, kenako madzi amadontha pansi pa kapeti chaka ndi chaka popanda woona.

Bwana wa galaja sanakondwe. Anati tiyambe talizitsa injini, zapansizo tidzaziona pambuyo, kasitomala akubwera Lachisanu. Sindinatsutse ndi mawu ambiri, Chingerezi changa chimathawa ndikapsa mtima. Ndinangokweza jeki n'kuwapempha kuti atsegule okha chitsekocho. Anakoka kawiri, kachitatu anatukwana, n'kupita kukaimba foni. Galimoto yomwe ikupindika chifukwa cha jeki, ingatani matayala akumbuyo akalandira mphamvu yoposa kawiri imene inabadwa nayo?

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinagona pansi pake. Ntchito iyi siyambira podula ayi. Mukadula chitsulo chowola galimoto yopanda denga ili chomwecho, imakhala pansi pakatikati ngati bedi lothyoka, ndipo mukawotcherera ili yopindika idzafa yopindika. Choyamba tinaikhazika pa masitandi mpaka levulo inavomera mbali zonse. Ndinayeza mpata wa pakati pa chitseko ndi bodi, pamwamba ndi pansi, n'kulemba manambalawo pa tepi yomata pa galasi. Kenako tinachotsa zitseko, tinawotcherera mapaipi opingasa pa makomo onse awiri kuti agwirizire, ndipo pamenepo mpamene girayinda inayamba kulira. Zomwe zinagwa pansi zinadzaza fosholo zitatu, zofiirira ngati dothi la ku Thyolo. Chitsulo chatsopano ndinkachigwiriza pang'onopang'ono, kadontho apa, kadontho uko, kudikira chizizire, chifukwa moto wambiri pamalo amodzi umakoka chitsulo. Pomaliza tinaika ma subframe connector, mapaipi awiri olimba olumikiza mafupa akutsogolo ndi akumbuyo, amene ku fakitale sanalumikizane mwachindunji. Lachitatu masana magetsi anazima, jenereta yathu siinyamula makina owotcherera, ndiye tinangokhala panja kuotha dzuwa maola awiri.

Wondithandiza ndi mnyamata wa kwathu, wa ku Mangochi, wabwera chaka chathachi. Ntchito yake inali kuima ndi chozimitsira moto n'kumayang'ana mkati. Tsiku limenelo ndinamupeza akulimbana ndi bawuti ya hinji ndi sipanala ya 13.

"Achimwene, ikungoterereka iyi."

"Taisiye mphwanga usanaidye mutu. Tenga hafu inchi."

Hafu inchi ndi mamilimita 12.7. Ya 13 imalowa, imaoneka ngati yagwira, koma mukakoka imadya makona. Sindinamukalipire. Inenso ndinaphunzirira pa maminibasi a Toyota ku Ndirande, komwe munthu ukakhala ndi 10, 12, 14 ndi 17 ndiwe makaniko wathunthu. Galimoto iyi tsopano ili ndi zilankhulo ziwiri: bodi ya mainchi, injini ya mamilimita. Pa benchi timayala mabokosi onse awiri.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawabe pa galimotoyi. Coyote ili ndi makamushafuti anayi pamwamba, motero ndi yotakata kwambiri, siikwana pakati pa zitsulo ziwiri zonyamula mashoko akutsogolo. Tinazidula miyezi yapitayo n'kuika suspension ina. Chimenecho sichibwereranso. Akuluakulu okonda zakale akasuzumira mu boneti amapukusa mutu, ndipo ndimawamvetsa. Koma pa mabuleki sindiwamvera. Inabwera ndi madiramu matayala onse anayi, ndipo amene anayesapo kuimitsa galimoto ya madiramu otentha potsetsereka sangadandaule poona madisiki a Wilwood amene taikamo.

Lachinayi linali la mawaya. Pedulo ya moto ilibe chingwe, imangouza kompyuta kuti phazi lapondera pati. Kuno zimenezi n'zothandiza, pakuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo mpweya ndi wopepuka. Kabuleta yochunidwa ku Durban, m'mphepete mwa nyanja, ikafika kuno imamwetsa injini petulo wambiri, pomwe kompyuta imadziyezera yokha. Titatembenuza kiyi, zii. Ola lathunthu tikufufuza ndi mita, mpaka ndinapeza kuti waya wa earth ndinaumanga ine mwini pa chitsulo chopenta kumene. Kupala pentiyo ndi sandipepa, kumanganso, kutembenuza kiyi. Malata a galaja ananjenjemera, anyamata a ku penti anabwera akuthamanga masiki ali pachibwano.

Mwini wake anafika Lachisanu cha m'ma 2 koloko, bambo wachikulire wa tsitsi loyera. Anapita kumanja mwachizolowezi, n'kuseka, n'kuzungulira, poti chiwongolero chili kumanzere. Mustang ya chiwongolero chakumanja yochokera ku fakitale inayamba mu 2015. Anailiza katatu, maso ali phethiphethi ngati mwana. Ine ndinakweza jeki pamalo omwe aja n'kuwapempha atsegule chitseko. Chinatseguka ndi chala chimodzi, kutseka n'kungoti khethe. Anagwedeza mutu mwaulemu n'kufunsa ngati angailizenso.

Kenako anadina batani lotsitsa denga. Pampu ya kuseri kwa mpando wakumbuyo inalira, denga linanyamuka, mbali yamanja inapita, yamanzere inatsalira, lonse linaima mopendekeka mmwamba. Nditasuzumira ndinaona oyilo akutsika pa silinda ya kumanzere, akulowa mu kapeti yatsopano yomwe tinayala Lachinayi usiku. Bwana anandiyang'ana, ine ndinayang'ana mphwanga uja, iye anathamangira sanza. Masilinda awiri aitanitsidwa ku America, ndipo mawa mmawa ndikuyamba ndi kuchotsa mpando wakumbuyo.