Utali sawonjezera kumpendero kokha

Mtima wakhala pansi tsopano. Nkhani ya mapatani osokera zovala za anthu ataliatali, imene yandizunguza mutu chiyambire teremu ino, yalowa. Ndipo yalowa mwakuti ndikudabwa kuti bwanji palibe anangoinena mwachidule tsiku loyamba lomwe.

Amene tili limodzi pa kozi ya zosokasoka mukundidziwa, ndine uja amamuuza kuti akhale kumbuyo kuti ena aone pa bolodi. Utali wanga ndi masentimita 181. Kwathu kuno amayi ambiri safika n'komwe pa 160, ndiye mungoganiza mmene zovala zandivutira moyo wanga wonse. Pa kaunjika ndikanyamula diresi, wogulitsa amayamba kuseka ndisanaliyeze. Kwa telala wapakhonde yankho limakhala limodzi: "Musadandaule asisi, tiwonjezera pansipa." Amawonjezeradi. Diresi limafika pamene ndinapempha, koma ndikalivala chinachake sichikhala bwino, ndipo sindinkatha kuloza kuti vuto lili apa.

Za kutenga miyeso ya chifuwa, chiuno ndi mbina sindikambapo, ngakhalenso za kusiya malo a msoko. Zimenezo tonse tinadutsa. Ndikufuna ndikambe chimodzi chokha.

Munthu wamtali satalika kumiyendo kokha. Utali wake umamwazika thupi lonse, pang'ono apa, pang'ono apo. Kuchokera paphewa kufika pansonga ya bere pali sentimita kapena awiri owonjezera. Kuchokera pamenepo kufika m'chiuno pali ena. M'chiuno kufika pambina, pambina kufika pabondo, pabondo kufika pa akakolo, paliponse pali kake. Chovala nacho chili ndi malo ake amene chimapindika, kufufuma ndi kufinyika, ndipo malo amenewo ayenera kugwa pamene thupi likuchita zomwezo. Telala akathira masentimita onse owonjezerawo kumpendero, chiuno cha diresi chimatsala m'mwamba, panthiti. Dati, kamsoko kopinda nsalu kuti bere lipeze malo, imaloza pamwamba pa bere. Pamene nsalu inatambasuka kuti mbina ikwane, pamakhala pamimba, ndipo mbina yeniyeniyo imakathina pamene siketi yayamba kale kuchepa. N'chifukwa chake diresi limakwera ukamayenda, nkumangolikoka msewu wonse.

Ndi zokhazo. Koma ndikuuzeni, zitalowa ndinakhala duu kuyang'ana madiresi anga onse pachingwe, lililonse ndikuliona pamene linalakwikira.

Chimene chinanditsegula maso ndi magazini akale a mapatani a zovala otchedwa Burda amene mnzanga wina anagula kwa ogulitsa mabuku akale mu Limbe. Patsamba la miyeso analemba poyera kuti masaizi awo wamba amajambulira mkazi wa masentimita 168, aafupi ndi a 160, ndipo ataliatali ndi a 176. Nambala ya saizi ya wamtali amangochulukitsa kawiri: wovala 38 akakhala wamtali, yake ndi 76. Chifuwa, chiuno ndi mbina, manambala ake ndi omwewo. Zimene zikusintha ndi zoyeza chotsika zokhazokha, monga kutalika kwa msana ndi kwa mkono. Mapatani a ku America, a Simplicity ndi McCall's, nawo amajambulira mkazi wa pafupifupi 165 mpaka 168. Ndiye kunena kuti pafupifupi chilichonse chimene ndinavalapo cha pa kaunjika chinasokedwa poganizira munthu amene ndimamuona pamutu.

Apa mpamene ndinamvetsanso chifukwa chake kugula saizi yaikulu sikuthandiza. Amayi anga ankandigulira yunifomu yaikulu kuti ifike pabondo. Saizi ikamakwera, chovala chimakula kwambiri m'mbali, chotsika chimangowonjezeka pang'onong'ono. Umapeza utali wa zala ziwiri, koma mapewa akulendewera ndipo kukhwapa kukulowa mphepo.

Ndinamangirira chingwe m'chiuno, nkuweramira uku ndi uku kuti chikhazikike pamalo ake enieni, mnzanga nkundiyeza kuchokera pa kafupa kotuluka kakumbuyo kwa khosi kufika pachingwepo. Tepi inati 46. Patani ya saizi yanga imati 42. Masentimita anayi amenewo ndiwo akhala akundiwonongera madiresi.

Tsono njira yake ndi iyi, ndipo ine ndaigwa nayo m'chikondi. Umatenga patani ya papepala, nkujambula mzere wopingasa, wolunjika bwino podutsa mzere wa mivi uja wosonyeza kayendedwe ka ulusi wa nsalu. Mapatani ogula amakhala nayo kale mizere iwiri yoyandikana yosonyeza podula. Umadula pamenepo ndi sizasi, nkulowetsa pepala lina pansi, nkusuntha chigawo chapansi ndi masentimita amene ukufuna. Mpata ukhale wofanana mbali zonse ziwiri, ndipo mzere wa mivi upitirire molunjika, usakhote. Umamata, kenako nkulumikizanso mizere ya m'mbali kuti iyende mosalala. Basi. Nsalu sunaikhudze n'komwe.

Pa bulauzi yanga ndinagawa anayi aja pawiri. Limodzi ndi theka ndinaika pamwamba pa dati, chifukwa nsonga ya bere ili m'munsi kuposa pamene patani inaiyika, ndipo awiri ndi theka ndinaika pakati pa dati ndi chiuno. Nditavala choyeserera, chovala chosokedwa pansalu yakale pongofuna kuyesa patani, dati inaloza pamene iyenera kuloza, nkuthera masentimita awiri isanafike pansonga, monga timaphunzirira. Kwa nthawi yoyamba ndinakweza manja m'mwamba chiuno cha chovala chili pomwepo.

Mkono wa malaya ndi chimodzimodzi. Ukawonjezera kumapeto kokha, malo a chigongono amatsala m'mwamba ndipo ukapinda mkono nsalu imakoka. Umadula pawiri, pamwamba pa chigongono ndi pansi pake. Thalauza ndiye pamafunika patatu. Choyamba ndi kuya kwake, kuchokera m'chiuno kufika pokhalira. Kameneka umayeza munthu atakhala tsonga pampando wathabwa, kuchokera pachingwe cha m'chiuno kufika pampandopo, chammbali. Kenako pamwamba pa bondo, kenako pansi pa bondo. Thalauza yoperewera pakuya ndi chilango, amene anakhalapo nayo mu minibasi kuchokera ku Blantyre mpaka ku Zomba akudziwa chimene ndikunena.

Ndikudziwa kuti ndikuchita kuitama mopitirira. Kwa ine pakali pano vuto lililonse yankho lake ndi sizasi ndi pepala. Mnzanga akati kolala yake sikugona, ndimati dula utambasule. Akati thumba lakhota, dula utambasule. Ayamba kunditchula dzina lomwelo. Koma taganizani: pepala la khaki, kaya la thumba la simenti lokutumula bwino, mtengo wake ndi wochepa zedi poyerekeza ndi chitenje. Ukalakwitsa umangomata nkuyambiranso. Ine sindikuona chifukwa choti munthu ajambule ndi choko pansalu ya kasitomala mwachindunji, ngakhale matelala ambiri aluso amachita zimenezo tsiku ndi tsiku ndipo ana awo akuphunzira ndi ndalama yomweyo.

Chimene chimapweteka ndi zotsatira zake. Ukatambasula kutsogolo, utambasulenso kumbuyo pamalo ofanana, apo ayi misoko ya m'mbali sikumana. Laining'i (nsalu yam'kati mwa chovala) nayo ikufuna zomwezo. Ngati mzere wako wadutsa pabowo la mkono, ndiye kuti mutu wa mkono wa malaya uyenera kukwera ndi mlingo womwewo. Mabatani amafuna kugawidwanso, ndipo limodzi ligwe pamzere wa chifuwa kuti bulauzi isayasame. Zipi imene inali yokwana imatha kuperewera, diresi osadutsa pambina. Matumba atsike. Kachinthu kamodzi kamadzutsa tinzake tonse.

Ndipo apa ndiye ndidandauleko. Mutu umenewu aphunzitsi anaudutsa ngati akuthamangitsidwa. Anajambula mizere iwiri pa bolodi, nkunena kuti apa mpotalikitsira kapena kufupikitsa, nkupita pa makolala. Nditafunsa kuti nanga tiwonjezera angati ndipo pati, anati "zimatengera kasitomala", kalasi nkuseka poti onse anadziwa kuti kasitomalayo ndine. Sindikuti sadziwa ntchito, manja awo ndi odala ndipo jekete akasoka umachita kuvula chipewa. Koma chidole choyezerapo m'kalasi mwathu ndi chimodzi, cha saizi imodzi, ndipo chilichonse timaphunzira pa icho ngati kuti Amalawi onse anaumbidwa m'chikombole chimodzi. Makina ndi ochepa, timalandizana. Magetsi akathima, tonse timathamangira makina awiri opalasa ndi mapazi. Nthawi yoti munthu usoke choyeserera, uvale, ukonze, usokenso, uipeza kuti? Ine ndimachitira kunyumba usiku, pa bedishiti yakale ya pa kaunjika.

Za thalauza za amayi ndimaganiza kuti mbiri ilinso ndi gawo lake. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala thalauza ndi masiketi osaphimba bondo, mpaka linachotsedwa mu 1993. Amene anaphunzira kusoka m'zaka zimenezo, ndipo ndi amene anaphunzitsa aphunzitsi athu, analibe chifukwa chotayira nthawi pa thalauza ya mzimayi. Azakhali anga, amenenso ndi aatali, amati masiku amenewo diresi logula kusitolo linali loopsa kwa iwo: limene kwa anzawo linkafika pakatumba, kwa iwo linkathera pabondo penipeni, ndiye ankangomangirapo chitenje kuti asapalamule.

Chitenjecho nacho chili ndi nkhani yake. Mulifupi mwake chimakhala cha m'ma 115. Matelala ambiri posoka siketi yaitali ya chilundu amatenga mulifupimo kukhala kutalika kwa siketi, chifukwa maluwa amaima bwino ndipo nsalu siwonongeka. Kwa mayi wa 158 zimakwana mpaka kutsala yopinda. Ine kuchokera m'chiuno kufika pansi ndi 113. Ukachotsapo msoko wa m'chiuno ndi mpendero, siketi imathera pamwamba pa akakolo, ndisanavale n'komwe nsapato ya gogoda. Njira zilipo. Utha kuika lamba wamkulu m'chiuno kapena yoko, chigawo chapamwamba chodulidwa pachokha, yofika pambina kuti siketi iyambire m'munsi. Utha kulumikiza chigawo china chamakwinya pansi. Kapena udule motsata utali wa nsalu, koma pamenepo mamita awiri sakwana, ndipo ngati maluwa ali ndi mutu ndi miyendo amagona chammbali. Ine ndakonda yoko, chifukwa msoko wake umaoneka ngati unaufuna dala.

Pa za kutchena, malangizo amene ndakhala ndikumva ndi oti wamtali asavale gogoda, asavale mizere yotsika, adule thupi ndi lamba kuti aoneke wamfupi. Pano ndikuganiza kuti ambiri a ife timaoneka omangika osati chifukwa cha mizere kapena nsapato, koma chifukwa chovala chili ndi chiuno cha munthu wina. Umayenda chowerama kuti manja a malaya afike, mapewa utakweza. Chovala chikakhala pamalo ake umaima mowongoka wekha. Chimodzi chimene ndimavomereza ndi cha maluwa akuluakulu: zitenje zija za zozungulira zazikulu zimene zimameza anzathu aafupi, pa ife duwa lonse limaoneka lathunthu.

Komabe sindinganame kuti ndafika. Zonsezi ndayesera pa thupi limodzi, langa. Mng'ono wanga ndi wamtali ngati ine koma utali wake wonse uli m'miyendo, msana wake ndi wa patani wamba, ndiye kwa iye mwina telala wapakhonde uja sanalakwe kwenikweni. Pa nsalu zotamuka sindinayese, ndipo ndikukayika ngati ndingawonjezere masentimita onse monga ndimachitira pa chitenje, poti izo zimadzitsikira zokha. Mkono wa jekete wa zigawo ziwiri ndikuuopabe. Ndipo funso limene likundisowetsa tulo ndi la ndalama: kodi kasitomala wa ku Ndirande kapena ku Kawale angavomere kulipira nthawi ya pepala ndi choyeserera, pamene wapakhonde akumuuza kuti abwere mawa adzatenge? Mayeso a ntchito yamanja ali pafupi, ndipo sindinaganizebe ngati ndisoke cha saizi ya chidole chija kuti ndingokhoza, kapena changa.