Chithunzi chimene sichinajambulidwe

Sabata yatha, kunyumba kwathu ku Area 25, ndinaonetsa mwana wa mchemwali wanga nthano ya zithunzi zitatu yopanda mawu. Pachithunzi choyamba mnyamata akukwera mumtengo wa mango, pachiwiri akutambasula dzanja kuti athyole mango akupsa amene ali kunsonga, ndipo pachitatu wakhala pansi akulira, nthambi yothyoka ili pambali pake. M'mawa mwake mwanayo, pofotokozera agogo ake nthanoyo, anati anaona mnyamatayo akugwa, miyendo ili m'mwamba. Nditamuuza kuti chithunzi choterocho palibe, anakana kwamtuwagalu, ndipo atachifunafuna papepalapo osachipeza, anandinena kuti ndachidula ndine.

Mwanayu sananame. Pakati pa chithunzi chachiwiri ndi chachitatu pali kampata koyera, ndipo kuti nthano imveke, wowerenga amayenera kudzaza yekha kampatako ndi zimene akudziwa kale, monga zakuti nthambi yakunsonga siipirira kulemera kwa munthu. Scott McCloud, m'buku lake la 1993 lofotokoza nthano za zithunzi, ananena kuti pa kampata kameneka wowerenga amagwira ntchito limodzi ndi wojambula. Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti pokumbukira, ubongo susiyanitsa bwino chimene maso anaona ndi chimene unapeka wokha.

M'chaka cha 2011, Brent Strickland ndi Frank Keil a ku yunivesite ya Yale anaonetsa anthu makanema afupiafupi, ena a munthu akumenya mpira, atachotsamo kamphindi kamene phazi limakhudza mpirawo. Pamene kanema ankapitiriza ndi mpira ukuuluka, ambiri ankati anaona phazi likuumenya, koma pamene chotsatira chinali chosagwirizana ndi kumenyako, cholakwa chimenechi chinkachepa. Choncho ndi zotsatira za chinthu zimene zimatichititsa kukumbukira chiyambi chimene sitinachione.

Ndinamuseka mwanayo, komatu inenso zinandichitikira. Tsiku lina ndili m'minibasi chakufupi ndi mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, ndinamva kuphulika, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona wakabaza ali pansi, njinga yake ili kutsogolo kwa galimoto. Madzulo ndinauza anthu kunyumba kuti ndinaona ndi maso angawa galimotoyo ikumugunda. Mpaka lero ndimaionabe m'maganizo ikugunda, ngakhale ndikudziwa kuti panthawiyo maso anga anali pa foni.