Kutengera mwana mankhwala aulere ku Ontario: njira yake ndi pomwe anthu amakodwa

Kholo likandifunsa za mankhwala aulere a ana kuno ku Ontario, ku Canada, sindiyambira pa dzina la mankhwala ayi. Ndimayamba ndafunsa kuti: kodi mwanayu ali pa inshulansi ina iliyonse yolipira mankhwala? Nkhani yonse yagona pamenepo.

Ndondomeko ya boma la chigawochi, ya OHIP+, inayamba pa 1 Januwale 2018, ndipo poyamba inkalipirira aliyense wosakwana zaka 25. Pa 1 Epulo 2019 anaisintha, moti lero imathandiza okhawo amene alibe inshulansi ina. Ngati bambo kapena mayi ali ndi inshulansi ya kuntchito ndipo mwana analembedwamo, OHIP+ yamuchokera. Chopweteka n'chakuti lamuloli siliona zoti inshulansiyo ndi yochepa mphamvu. Kaya sikulipira mankhwala amene mwana akufunawo, kaya ndalama zake za chaka chino zatha, mwanayo amawerengedwabe kuti ali nayo. Ophunzira a ku koleji ndi ku yunivesite amakodwanso pomwepa, poti ambiri amalowetsedwa mu inshulansi ya bungwe la ophunzira pamene akulipira fizi, eni ake osadziwa n'komwe.

Ngati palibe inshulansi ina, ndimayang'ana khadi la OHIP, inshulansi ya zaumoyo ya boma la Ontario. Palibe fomu ina yolembetsera OHIP+, nambala ya pakhadilo ndiyo khomo. Amene alibe khadi apite ku ServiceOntario, ofesi ya boma yopereka makhadiwa, ndi mapepala enieni, osati mafotokope, osonyeza zinthu zitatu: chilolezo chokhalira m'dzikolo, umboni woti akukhaladi ku Ontario, ndi chiphaso chosonyeza kuti ndi iyeyo. Kale munthu ankadikira miyezi 3 khadi lisanayambe kugwira ntchito, koma zimenezo anazichotsa mu Malichi 2020. Abale athu obwera pa chilolezo cha sukulu adziwiretu kuti OHIP salandira, ndipo UHIP, inshulansi ya zaumoyo imene mayunivesite amapereka kwa ophunzira ochokera kunja, ndi chinthu china, sitsegula khomo la OHIP+.

Pomwe ndimachedwapo kwambiri ndi m'chipinda cha dokotala, chifukwa zambiri zimene zimavuta ku famase zimayambira m'menemo. Boma limalipira mankhwala okhawo amene ali pa mndandanda wa Ontario Drug Benefit, womwe uli ndi mitundu yoposa 5,000: opha tizilombo, opopera a mphumu, insulin, a khunyu, a matenda a maganizo, olera, ndiponso jakisoni wa epinephrine wa ana amene thupi lawo limadana koopsa ndi zakudya zina monga mtedza. Dokotala asanasaine, mufunseni ngati mankhwalawo ali pamndandanda. Ena alipo ndithu koma ali m'gulu la Limited Use, kutanthauza kuti boma limawalipira pa matenda ena okha, ndipo dokotala ayenera kulemba kanambala kapadera papepalalo. Akaiwala kanambalako, kompyuta ya ku famase imakana, kholo n'kuuzidwa mtengo wonse pomwe vuto ndi manambala ochepa chabe. Zikatero musafulumire kutulutsa ndalama, pemphani a ku famase alumikizane ndi ofesi ya dokotalayo.

Mankhwala amene palibiretu pamndandanda ali ndi njira yawo, ya Exceptional Access Program. Wopempha ndi dokotala, osati kholo, ndipo amafotokozera unduna wa zaumoyo chifukwa chimene mankhwala enawo sangathandizire mwanayo. Yankho silibwera tsiku lomwelo. Akavomera, kawirikawiri chilolezocho chimakhala ndi tsiku lothera, ndiye lilembeni pakalendala kuti dokotala apemphenso nthawi ikadalipo. Mwana wa khunyu sangakhale sabata akudikira kalata.

Ku famase n'kosavuta. Perekani pepala la dokotala ndi khadi, adzakufunsani za inshulansi ija, yankhani zoona. Ngati zonse zili bwino simulipira ngakhale senti. Famaseyo ikhale ya mu Ontario momwemo. Mukaona bokosi lili ndi dzina lachilendo musadabwe: boma limalipira mtundu wotsika mtengo wokhala ndi mankhwala omwewo m'kati, ndipo mukaumirira dzina lotchuka lija, ndalama yapamwambayo ichokera m'thumba mwanu. Mankhwala amene mwana akuwayamba kumene nthawi zambiri amapereka a masiku 30 kaye, akamuyanja angapereke mpaka a masiku 100.

Pali tinthu tiwiri timene makolo amagula okha pomwe boma likanalipira. Koyamba ndi kachubu kaja kamene amalumikiza ku mankhwala opopera a mphumu kuti mwana azikoka mpweya pang'onopang'ono: wa zaka 12 kutsika m'munsi amapatsidwa kamodzi pachaka, bola dokotala alembe. Kachiwiri ndi timapepala toyezera shuga, timene wogwiritsa ntchito insulin angalandire mpaka 3,000 pachaka.

Thandizoli limatha pa tsiku lenilenilo limene munthu wakwanitsa zaka 25, osati kumapeto kwa mwezi kapena kwa chaka. Kwa wachinyamata womwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndimalangiza kuyamba msanga za Trillium Drug Program, ndondomeko ina ya boma yothandiza amene mankhwala akuwadyera ndalama zambiri, miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Kumeneko banja limayamba lalipira lokha pafupifupi 4 peresenti ya ndalama zimene limapeza pachaka msonkho utachotsedwa, mogawa kanayi, kenako boma limatenga zotsalazo, inu n'kumangopereka mpaka $2 pa pepala lililonse la mankhwala. Banja limene lili ndi inshulansi yosakwanira lija lingalembetsenso komweko. Chaka cha Trillium chimayamba pa 1 Ogasiti, ndipo malisiti onse a ku famase muziwasunga mu envulopu imodzi, poti ndiwo umboni wa zimene mwalipira kale.