Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mijigo ya madzi amchere ndi pangano limene tinalemba kukhonsolo

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene madzi osefukira a mu Januwale 2015 anayamba kuphwa, ife alangizi a zachitukuko cha m'midzi tikugona m'misasa pamodzi ndi anthu amene nyumba zawo zinakokoloka. Pa 13 Januwale mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Peter Mutharika, anali atalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, ndipo kuno kuchigwa cha Shire zinthu zinavuta koposa, makamaka ku Makhanga kumene mtsinje wa Ruo unasiya khwawa lake n'kutsekereza anthu, moti thandizo linkawafikira pa boti kapena pa helikopita. Lero ndifotokoza za chaka chotsatira, chifukwa ndi pamene ndinayamba ntchito imene ndakhala nayo mpaka lero, yolumikizitsa khonsolo ndi mabungwe opereka thandizo mwa kufuna kwawo.

Mvula itatha, mabanja ambiri a m'dera limene ndinkayang'anira anavomera kusamukira kumtunda, pa malo amene a gulupu anawapatsa. Minda yawo ya kudimba sanaisiye, pakuti mbatata ndi chimanga cha m'chilimwe zimachokera kumeneko, koma nyumba anamanga patali ndi mtsinje. Vuto linali madzi akumwa. Apo m'pamene linatulukira bungwe lina lakunja, lokhazikitsidwa ndi chuma cha banja lina lolemera, limene silinkagwira lokha ntchito koma linkalipira ena kuti agwire. Anthu ankangoti madona abwera. Bungwelo linalemba kontirakitala wa ku Blantyre kuti akumbe mijigo 4, ndipo iye anatsika mapiri a Chikwawa ndi galimoto lake lokumbira osadzera kuofesi iliyonse ya khonsolo.

Pano ndiyenera kuvomera kulakwa kwanga. A nyakwawa anandiuza za nkhaniyi galimotolo lisanafike, ndipo ndinkadziwa bwino kuti kuofesi ya zamadzi kuli kaundula wa malo amene pansi pake pamatuluka madzi amchere, vuto limene aliyense wobadwira kuchigwa kuno amalidziwa. Koma ndinali nditatopa ndi kuona amayi akuyenda mtunda wautali ndi zigubu pamutu, dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo, ndipo ndinaopa kuti ndikatchula za malamulo madonawo akhumudwa n'kupita kwina. Ndinakhala chete. Mwa mijigo 4 ija, 3 inatulutsa madzi amchere.

Tsiku limene ndinapita kukaona sindidzaliiwala. Mjigo unali watsopano, simenti yake yoyera, chikwangwani cha bungwe chitakhomedwa pambali, koma panalibe mzere wa ndowa. Gogo wina amene ankatsuka mbale pamenepo anapopa madzi, anatunga m'kapu ya pulasitiki n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Mwanangu, imwani," anatero, "kuti mukakawauza akuluakulu anu mukanene zimene lilime lanu lamva."

Ndinamwa, ndipo madziwo anandikhala pakhosi. Gogoyo anandionetsa m'mene sopo amakanira kuchita thovu m'madzi amenewo, n'kunena kuti nyemba zimatha nkhuni osapsa. Amayi anali atabwerera kumtsinje m'mamawa uliwonse, kumene ng'ona zimabisala m'mabango, ndipo mabanja ena anayamba kale kunena zobwerera kumabwinja awo akumunsi.

Usiku womwewo ndinalemba lipoti kwa bwana DC, n'kulembamonso kuti ndinadziwa koma sindinanene. Iwo sanandikalipire. Anandiuza kuti popeza ndaona ndi maso, ndilembere bungwelo ndine ndemwe ndi kuliitana ku msonkhano wa DEC, komiti imene imasonkhanitsa akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe onse ogwira ntchito m'boma. Patapita milungu itatu kunabwera mayi wina wa ku ofesi ya bungwe lakunja lija ya ku Lilongwe, Mmalawi mnzathu, wodekha koma wosapita m'mbali polankhula.

Zimene ananena zinandipweteka, koma sizinali zopanda pake. Anati bungwe lawo limalambalala makhonsolo chifukwa limaopa kuchedwa, limaopa misonkhano imene ndalama zambiri zimathera m'ma alawansi, ndiponso eni ndalama kunja amafuna kuona chithunzi cha mjigo chaka chisanathe. Ine ndinamvetsa kumene mantha amenewa anachokera. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linati mphamvu zipite kwa anthu, koma makhansala amene anasankhidwa mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha mu Meyi 2014. Zaka zonsezo mabungwe anazolowera kulowa m'midzi kudzera kwa mfumu kapena kwa phungu, ndipo khonsolo ankaiona ngati malo ongokadinditsa kalata. Komanso makhonsolo a mizinda, ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ali ndi msonkho wa nyumba ndi malo umene amatolera okha, kotero akakhala pansi ndi bungwe amakhala ndi kanthu m'manja. Ife a m'maboma timadalira ziphaso za m'misika ndi ndalama zochokera ku likulu, zimene sizifika nthawi zonse pa tsiku lake.

"Bwana DC," anafunsa mayiyo, "tikaika ndalama zathu m'manja mwa khonsolo, tidzadziwa bwanji kuti zafika pa mjigo?"

"Mayi," anayankha bwana DC, "ndalama zanu sungani ndipo mulipire nokha amene mwamulemba. Chimene tikupempha n'chakuti musakumbe pamene sitinakuonetseni, chifukwa inu mukadzapita anthu adzabwera kudzadandaula pa khomo lino."

Yankho limeneli ndi limene linatsegula njira. Tinakhala miyezi iwiri tikulemba pangano, ine ndikutumiza ndi kulandira mapepala pa kompyuta imodzi ya muofesi magetsi akakhalapo. Tinagwirizana kuti ntchito iliyonse ichokere pa zofuna zimene komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, inapereka kale ku komiti ya chitukuko ya m'dera, ADC, n'kulowa m'ndondomeko ya chitukuko ya boma lathu. Kuti malo okumba asankhidwe ndi mkulu wa zamadzi pamodzi ndi anthu. Ndiponso kuti kontirakitala asalandire malipiro ake omaliza madzi asanayezedwe ndi kulawidwa ndi eni ake. Kumbali yathu tinavomera chinthu chimene anzanga ena sanakondwe nacho, chakuti pa ntchito imeneyi tizilandira mafuta a njinga yamoto ndi chakudya chamasana basi. Ndimakhulupirira mpaka pano kuti tikadakana mfundo imeneyi, mayi uja sakadatikhulupirira pa zina zonse.

Pamene tinakangana kwenikweni panali pa funso la zaka za m'tsogolo. Bungwe linkafuna kulipira zomanga zokha, ponena kuti kukonza ndi udindo wa boma, pamene ife tinkadziwa kuti khonsolo ilibe ndalama zogulira ngakhale malabala a mjigo uliwonse. Pomaliza bungwe linavomera kulipira maphunziro a komiti ya madzi ndi a mekaniki wa m'dera, khonsolo inavomera kuti mlangizi wake aziyendera komitiyo ndi kuona mabuku ake, ndipo anthu anavomera kusonkha kangachepe pa banja mwezi uliwonse.

Mkulu wa zamadzi anapeza kuti madzi abwino ali cha kumapiri, m'mbali mwa kamtsinje ka mchenga, ndipo anaganiza zoti tikumbe kumeneko, tiike pampu ya sola ndi thanki, madzi azitsika m'mapaipi mpaka ku mipopi ya kumudzi watsopano. Koma malowo anali a mudzi wina, ndipo eni ake anafunsa funso lomveka, lakuti n'chifukwa chiyani madzi a pansi pa nthaka ya makolo awo azidutsa pakhomo pawo kupita kwa alendo. Apa ndalama za bungwe sizikanathandiza kanthu. Tinakhala pansi pa mtengo wa bwemba maulendo atatu, a gulupu, anyakwawa awiri, khansala wathu ndi ine, ena akulankhula Chisena, ena Chimang'anja. Ulendo woyamba tinabalalika osamvana. Ulendo wachiwiri a nyakwawa a kumtunda anakumbutsa za mkangano wakale wa malire a msipu wa ng'ombe, umene ine sindinkaudziwa n'komwe, ndipo ndinazindikira kuti nkhani ya madzi inali itakhudza chilonda china. A gulupu anaweruza nkhani ya msipuyo poyamba. Ulendo wachitatu m'pamene a nyakwawa aja anati: "Mfumu, madzi samanidwa, koma mpopi woyamba ukhale pasukulu pathu." Khansala anaimba foni ku Lilongwe pomwepo, ndipo mayi uja, amene tsopano ankatimvera, anavomera kuwonjezera mpopiwo ngakhale sunali m'bajeti yawo.

Anthu a midzi yonse iwiri anakumba okha ngalande za mapaipi ndi makasu, amuna ndi akazi, kuyambira mbandakucha dzuwa lisanatenthe. Madzi anafika chakumapeto kwa 2016. Pa tsiku lotsegulira ndinamufunafuna gogo uja ndipo ndinamupeza ali pa mzere ndi ndowa yake. Sanandipatse kapu ulendo uno, anangondigwira dzanja n'kundithokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, mwanangu."

Nthawi ya pangano itakwana bungwe lija linatseka mabuku ake n'kupita kukathandiza kwina, monga m'mene mabungwe otere amachitira, ndipo sindiliimba mlandu pa zimenezi chifukwa linanena poyera kuyambira pachiyambi. Mu Malichi 2019 mvula ya namondwe Idai inadzaza kamtsinje kaja, madzi n'kuzula mapaipi pamalo pamene ankawolokera. Msungichuma wa komiti, mayi wa ana asanu amene ankalemba zosonkha m'kope la sukulu, anabwera kuofesi pa kabaza ali ndi kopelo ndi ndalama zomangidwa pa nsalu. Zinakwanira kugula mapaipi ku Nchalo koma sizinakwanire simenti, choncho mkulu wa zamadzi anapempha matumba ochepa pa zipangizo za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ponena kuti ntchitoyo ili m'kaundula wa khonsolo ndipo pangano lake lili m'faelo. Mekaniki amene anaphunzitsidwa uja anakwirira mapaipiwo mozama kuposa poyamba n'kuwamangira chipilala mbali zonse ziwiri, ndipo patatha masiku 12 amayi anayambanso kutunga pa mpopi wa pasukulu.