Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Pampu ya ku Senga Bay

Gawo lathali ndinalekezera pomwe ndinatsika minibasi pa Kamuzu Road, kukayamba kuphunzira ntchito ya magetsi kwa amalume. Sipanathe mwezi, anandituma ndekha pa loji ina ku Senga Bay.

Pampu ya pachitsime inkakweza madzi m'thanki ya malita 5,000 yomwe inali pansanja. Mlonda akagona, madzi ankasefukira mpaka m'bandakucha. Ine, podziona ngati katswiri, ndinaika sensa imodzi pakamwa pa thanki: madzi akaikhudza pampu izime, akaisiya iyake. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu.

Tsiku lachitatu foni inalira. Contactor, swichi ya m'bokosi la magetsi yomwe imayatsa ndi kuzimitsa mota ya pampu, yapsa.

Amalume atafika anamangirira ina, ndipo tinakhala pansi kudikira kuti thanki idzaze. Madzi atayandikira pamwamba, bokosi linayamba kulira tha! tha! tha! ngati makina osokera. Madzi ogwa m'paipi ankachita timafunde, kukhudza sensa n'kuisiya, kukhudzanso.

"Mphwanga, wamva?" anatero. "Mota ikamadzuka imakoka mphamvu ka 5 kapena ka 7 kuposa ikamathamanga. Iwe ukuidzutsa kangati pa mphindi imodzi?"

"Sindinaganize za mafunde, amalume."

Anaika masensa awiri, ina pamwamba, ina pakati pa thanki. Madzi akatsika kupitirira yapakati, pampu imayaka, ndipo contactor imadzigwira yokha kudzera pa kaswichi kake kam'mbali kotchedwa auxiliary contact. Ikagwira chonchi, sisamalanso zomwe yapakatiyo ikunena. Imangodikira chinthu chimodzi, madzi kukhudza yapamwamba. Ikazima, timafunde tivine mmene tingathere, siyakanso mpaka madzi atatsika ndithu. Apa m'pomwe mutu wanga unatseguka: bokosilo silidziwa nthawi, silidziwa kuti kwada kapena kwacha. Limangokumbukira ngati likudzaza kapena likupuma, ndipo chomwe chachitika m'thanki ndicho chimalichotsa uku kulipititsa uko. Dzina la kachitidwe kameneka, loti hysteresis, ndinadzalimva patapita zaka, ndili m'kalasi, ndipo ndinaseka ndekha.

Sensa ina anaitsitsira m'chitsime momwemo, kuti izizimitsa pampu madzi akachepa. Mu Okutobala, Salima akatentha, madzi apansi amatsika, ndipo pampu ya m'madzi imazizira ndi madzi omwewo. Ikathamanga pouma imapsa. Mwini loji anadandaula za mtengo wa waya, koma amalume sanasunthe.

Ndalama ya contactor yopsa ija anandidula pa malipiro anga oyamba. Yotsala inangokwana usipa ndi sopo.